Mayina amene sali pa mapu

Moni nonse abale anga, kumudzi ndi kulikonse kumene mukundimvera. Mphepo mukuimva ikuwomba pazenerayi ndi ya pa chilumba cha Lewis, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland. Kuchokera ku Ullapool, sitima ya pamadzi imatenga maola awiri ndi theka kuti ifike kuno ku Stornoway. Eni dziko, olankhula Gaelic, amati Steòrnabhagh, ndipo "bh" ameneyo amamveka ngati v.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Pali agogo ena aakazi amene tulo tikawathawa usiku amayamba kutchula mawu motsatizana, chapansipansi. Masiku oyamba ndinkayesa akupemphera. Mnzanga wa kuno ndiye anandiuza kuti ayi, akuyenda. Akutchula malo onse kuchokera pakhomo pa makolo awo mpaka ku àirigh, kudambo kumene amayi ndi atsikana ankakhala ndi ng'ombe nyengo yotentha. Kaphiri kalikonse, kamtsinje, mwala umene ankapumulirapo, chilichonse ndi dzina lake. Ambiri mwa mayinawo simungawapeze pa mapu, ali m'kamwa mwa anthu basi.

Ndinawapempha kuti andiphunzitse. Ndinawerenga cnoc, ndiye kuti kaphiri, monga analembera. Agogo anapukusa mutu nkundibwerezetsa kangapo, chifukwa kuno n ameneyo amatuluka ngati r. Nditakhoza anandigwira dzanja osalisiya.

Chinandidabwitsa n'chakuti mayina ambiri a midzi si a Gaelic poyambira. Chilumba chino ndi zina zoyandikana nacho zinali m'manja mwa Norway mpaka 1266, ndiye midzi yothera ndi "bost", monga Shawbost, ikusunga mawu a anthu amenewo otanthauza munda ndi pakhomo. Chilankhulo chawocho chinatha kalekale kuno, koma chinatsalira m'mayina.

Apa mtima wanga umathamangira kwathu. Blantyre anamutcha dzina la kumene anabadwira David Livingstone, kuno ku Scotland konkuno, koma agogo anga mpaka kumwalira ankati akupita ku Kabula. Fort Johnston tinaibweza kukhala Mangochi, Port Herald kukhala Nsanje. Amenewo ndi mayina akuluakulu, boma linawateteza. Nanga dzina la dambo limene tinkadyetsako mbuzi, kapena chitsime chakuseri kwa manda, alisunga ndani?

Kuno anayamba kale kujambula mawu a okalamba. School of Scottish Studies ya ku Edinburgh inayamba ntchitoyi mu 1951, ndipo lero mutha kumvera mawuwo pa intaneti, pa Tobar an Dualchais.

Lamlungu lapitali ndinaimbira amayi. Ndinati, "Amayi, tandiyendetseni kuchokera pakhomo mpaka kudimba, muzitchula paliponse." Anaseka, kenako anayamba. Atafika pa mkuyu wa kumtsinje anaima, nkuti dzina lake aliiwala, akafunsa azakhali. Ndikuyembekezera foni yawo Loweruka.