Kutumiza Kafukufuku ku Msonkhano wa Akatswiri a Zamakompyuta

Zikomo a tcheyamani, aphunzitsi athu amene mwakhala kutsogolo kuno, ndi inu nonse achinyamata amene muli pakati pa kafukufuku wa digiri yanu. Ndiyamba ndi chinthu chimene anzathu a maphunziro ena amadabwa nacho. Kwa a zaumoyo kapena a zaulimi, kafukufuku amalemekezeka akasindikizidwa mu journal, magazini ya akatswiri yosindikiza kafukufuku, ndipo kumsonkhano amapita kukangofotokoza mwachidule zimene akuchita. Kwa ife a zamakompyuta sizili choncho, chifukwa pepala lolandiridwa ku msonkhano waukulu, monga misonkhano ya ACM ndi IEEE, mabungwe akuluakulu a akatswiri a zamakompyuta ndi zamagetsi, limawunikidwa mokhwima, limasindikizidwa lathunthu, ndipo limalemera ngati la mu journal, nthawi zina kuposa apo.

Musanalembe chilichonse, sankhani kumene mukufuna kutumiza, ndipo muwerenge chilengezo chawo choitanira mapepala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Misonkhano ikuluikulu monga NeurIPS, wa nzeru za makompyuta (AI), kapena ACL, wa makompyuta ndi zilankhulo, imalandira pafupifupi pepala limodzi pa anayi alionse, choncho woyamba kumene sachita cholakwika akayambira ku workshop, kamsonkhano kakang'ono kochitikira mkati mwa msonkhano waukulu, monga AfricaNLP kwa inu amene mukuphunzitsa makompyuta zilankhulo zathu. Misonkhano imeneyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha ayi. Msonkhano wa zaukadaulo wa IST-Africa unachitikira ku Lilongwe m'chaka cha 2015, ndipo ICLR, umene ndi umodzi mwa misonkhano yotchuka kwambiri pa nkhani ya machine learning, luso lophunzitsa makompyuta kuchokera ku data, unachitikira ku Kigali m'chaka cha 2023. Koma samalani ndi misonkhano imene imakulemberani imelo yokutamandani musanaitumizire kanthu, n'kulonjeza yankho m'masiku atatu. Mu 2005 ophunzira atatu a ku yunivesite ya MIT ku America anapanga pulogalamu yotchedwa SCIgen, imene inkalumikiza mawu a sayansi opanda tanthauzo lililonse, ndipo msonkhano wina unalandira pepala lotero. Msonkhano wamtundu umenewo umafuna ndalama zanu zolembetsera basi.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna tichedwepo, pa malamulo a kalembedwe, chifukwa mapepala ambiri a anthu oyamba amagwera pamenepa asanawerengedwe n'komwe. Msonkhano uliwonse umapereka template yake, chikombole cha mmene pepala liyenera kuonekera, kawirikawiri ya pulogalamu yolembera ya LaTeX, imene mungaigwiritse ntchito pa webusaiti ya Overleaf popanda kuika pulogalamu iliyonse mu laputopu yanu. Umanenanso chiwerengero cha masamba. Ku ACL pepala lalitali limakhala ndi masamba 8 ndipo lalifupi 4, osawerengera mndandanda wa mabuku amene mwatchula, komanso amafuna gawo lofotokoza pamene kafukufuku wanu akuperewera. Mukapitirira ndi mizere iwiri yokha, kapena mukachepetsa zilembo kuti zonse zikwane, akomiti ali ndi ufulu wolibweza pepalalo lisanafike kwa owunika.

Lamulo lina ndi lobisa dzina. Misonkhano yambiri imafuna kuti owunika asadziwe wolemba, nayenso wolemba asadziwe owunika, n'cholinga choti wophunzira wa ku Zomba kapena ku Thyolo aweruzidwe ndi muyeso womwewo umene akuweruzira pulofesa wa ku Cambridge. Ndiye muchotse dzina lanu, dzina la sukulu yanu, mawu othokoza amene anakupatsani ndalama, ndipo potchula ntchito yanu yakale muilembe ngati ya munthu wina. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Ndinachotsa maina onse patsamba loyamba, koma pansi pa tsamba lachinayi ndinasiya link ya ku GitHub, webusaiti yosungirako mapulogalamu, imene inali ndi dzina langa lonse, ndipo ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri inabwerera ndi kalata ya mizere itatu. Sindinawaimbe mlandu, poti lamulolo analilemba poyera ndipo ine ndinaliwerenga mothamanga.

Za tsiku lomaliza kutumiza pepala, mudzaona zilembo zakuti AoE (Anywhere on Earth), kutanthauza kuti khomo limatsekedwa tsikulo likatha padziko lonse lapansi. Nthawi imeneyo ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola 14, kotero 23:59 AoE kwa ife kuno ndi 1:59 masana a tsiku lotsatira. Musadalire maola owonjezerawo. Tsegulani akaunti pa webusaiti yotumizira mapepala, monga OpenReview, EasyChair kapena CMT, pakadali milungu ingapo, makamaka OpenReview imene imatha kuchedwa kuvomereza munthu wopanda imelo ya sukulu, ndipo muikemo pepala lanu masiku awiri nthawi isanakwane, popeza mumaloledwa kulisintha mpaka mphindi yomaliza. Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, palibe amene adzamve dandaulo lanu.

Owunika amakhala atatu kapena anayi. Ndi ofufuza anzathu amene sapatsidwa malipiro, amawerenga usiku atatopa ndi ntchito zawo, ndipo aliyense amakhala ndi mulu wa mapepala ena. Munthu woteroyo amafuna kuona patsamba loyamba kuti vuto ndi liti, chatsopano chimene mwabweretsa n'chiyani, ndiponso kuti mwayerekeza zotsatira zanu ndi njira ziti zimene zilipo kale. Apa ndi pamene ambiri a ife timafooka: timafotokoza app imene tapanga, mabatani ake ndi maonekedwe ake, koma osanena funso limene tayankha. Ngati data yanu ndi ya Chichewa, musaganize kuti wowunika akudziwa kuti mawu amodzi monga "sindinamuone" amanyamula kukana, wochita, nthawi ndi wochitiridwa. Mufotokozereni m'mizere iwiri, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona kulemera kwa ntchito yanu. Ngati munafunsa anthu mafunso kapena kujambula mawu awo, tchulani kuti munalandira chilolezo cha komiti yowona za chikhalidwe chabwino pa kafukufuku, ndi kuti anthuwo anavomera.

Ndemanga zikabwera, misonkhano yambiri imapereka masiku ochepa oti muyankhe. Musayankhe tsiku lomwelo mtima uli m'mwamba. Yankhani mfundo imodzi ndi imodzi, mwaulemu, ndi manambala, ndipo pamene wowunika walondola muvomere. Pepala likakanidwa, kumbukirani zimene akomiti a NeurIPS anachita mu 2014, pamene anatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a mapepala onse n'kulipereka kwa magulu awiri a owunika osadziwana. Magulu awiriwo anasiyana maganizo, lina kulandira lina kukana, pa pafupifupi pepala limodzi mwa anayi, ndipo atabwereza mu 2021 anapeza zofanana. Konzani zimene akudzudzulani ndipo mutumize kwina, koma osatumiza pepala limodzi ku misonkhano iwiri nthawi imodzi, chifukwa akazindikira amalichotsa konsekonse.

Likalandiridwa, mumabwezeretsa maina anu, mumakonza zimene munalonjeza, ndipo mmodzi mwa olemba ayenera kulembetsa ndi kukalifotokoza, apo ayi silisindikizidwa. Ndalama zolembetsera kawirikawiri zimalipiridwa m'ndalama zakunja monga madola, choncho funsani msanga za thandizo la ulendo limene misonkhano yambiri imapereka kwa ophunzira. Nkhani ya viza nayo ndi yovuta: mu 2018 ku Montreal ndi mu 2019 ku Vancouver, ofufuza ambiri a ku Africa amene anaitanidwa ku NeurIPS sanapatsidwe viza yolowera m'dziko la Canada. Tsiku limene mwalandira uthenga woti pepala ladutsa, lemberani okonza msonkhano kupempha kalata yokuitanani, ndipo muwafunsenso ngati angakuloleni kufotokoza ntchito yanu kudzera pa intaneti viza ikachedwa.