Makalata anu: ululu wachepa koma tulo sitikutha

Takulandirani omvera nonse, a pa boma pano, a ku Nkhamenya, a ku Chulu mpaka a ku Mtunthama. Sabata ino ndasankha makalata atatu, ndipo onse akudandaula za kusinza ndi kufooka kwa anthu amene akumwa mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine ndi tramadol. Mayina sititchula, monga mwa nthawi zonse. Mayankho ndakonza mothandizana ndi anamwino osamalira odwala matenda okhalitsa, ndiye musati woulutsa mawu wasanduka dokotala.

Tiyambe ndi uthenga wapafoni wochokera ku Chamama. Akuti: "Amuna anga awayambitsa morphine Lolemba lapitali. Ululu wa mwendo wachepa koma akungogona usana ndi usiku. Ndiwasiyitse?"

Ayi mayi, musawasiyitse. Munthu akangoyamba morphine, kapena achipatala akangomukwezera mlingo, tulo timabwera ndithu, ndipo kwa ambiri timatha pasanathe sabata thupi likazolowera. Komanso bambowa akhala miyezi ingati akubuula usiku wonse ndi mwendowo? Ululu ukachoka munthu amagona tulo tonse timene ankatisowa. Inu muzingoona ngati akudzuka mukawaitana, ngati akuyankha zomveka, ndiponso ngati akudya ndi kumwa. Zikakhala choncho alekeni agone. Zikapanda kutero, tcherani khutu ku kalata yachiwiriyi.

Yachokera kwa Santhe, ndiwerenga yonse.

"Zikomo awailesi. Ine ndine mayi wa ana anayi. Ndikudwazika amayi anga ondibala, omwe anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero chaka chatha. Kuchipatala amatipatsa morphine wamadzi ndipo timawamwetsa ndi sirinji pakatha maola 4 alionse. Miyezi yonseyi amayi anali bwino, ankakhala pakhonde kumatongola chimanga uku akucheza ndi zidzukulu. Koma kuyambira sabata yatha asintha. Akumasinza mbamu ili m'manja, nthawi zina akuyankhula zosagwirizana, ndipo manja awo akumadumpha okha. Mkodzo nawo ukutuluka wochepa. Mlingo sitinasinthe ayi. Amalume akuti mankhwala amenewa ndi omalizitsa anthu, tikataye botololo m'chimbudzi. Nditani ine?"

Omvera, kalata iyi itafika sitinadikire tsiku la pulogalamu. Tinawaimbira mayiwa kuti apite ndi agogo kuchipatala tsiku lomwelo. Ndaiwerengabe pano chifukwa zimenezi zimachitika m'makomo ambiri.

Mayi, mawu ofunika kwambiri m'kalata yanu ndi akuti mlingo simunasinthe. Munthu amene wamwa mlingo umodzimodzi kwa miyezi ali bwinobwino, kenaka n'kuyamba kusinza mwadzidzidzi, ndiye kuti m'thupi mwake muli china chimene chasintha, ndipo poyambira kuyang'ana ndi impso. Morphine akalowa m'thupi amaphwanyidwa m'chiwindi, zotsalira zake zimatuluka ndi mkodzo. Zina mwa zotsalirazo zimakhalabe ndi mphamvu. Impso zikafooka zimaunjikana m'magazi, ndipo mlingo womwe unali woyenera mwezi watha umasanduka wochuluka. Kusinza, kubwebweta ndi kudumpha kwa manja kumene mwalembako ndi zizindikiro zake zenizeni. Khansa ya khomo la chiberekero ikakula imatha kupanikiza timapaipi totenga mkodzo kuchoka ku impso kupita m'chikhodzodzo, n'chifukwa chake nkhani ya mkodzo wochepa inatidetsa nkhawa. Koma ngakhale kuchepa kwa madzi m'thupi kokha, monga wodwala akamatsegula m'mimba, kusanza, kapena akamakana kumwa nyengo yotentha, kumachita zomwezo. Achipatala amayeza magazi, amaonanso ngati pali malungo kapena matenda a m'njira ya mkodzo, kenaka amatsitsa mlingo kapena kutalikitsa nthawi yomwera.

Chachiwiri, tengani botolo muwerenge. Morphine wamadzi amabwera wa mphamvu ziwiri: wina amakhala ndi 1 mg mu mililita imodzi, wina 10 mg. Sirinji ikhoza kukhala yomweyo, mzere womwewo, koma ngati ulendo uno munalandira botolo lamphamvu osadziwa, agogo akumwa mankhwala ochuluka kakhumi. Nthawi zonse polandira funsani kuti, "Ili ndi lofanana ndi lija ndinatenga mwezi watha? Ndizilekeza mzere uti?" Ndipo ngati mumasinthana odwazika, muzilemba papepala nthawi imene mwamwetsa, kuopa kuti inu mwapereka, mng'ono wanu akubwera kudimba naye wapereka.

Palinso mankhwala ena ogonetsa amene akakumana ndi morphine amawonjezera tulo: amitriptyline amene amaperekedwa pa ululu wa mitsempha, diazepam, Piriton wa chimfine ndi zoyabwa uja, promethazine woletsa kusanza. Mowa ndiye woopsa koposa, kaya ndi kachasu kaya masese. Za kwa asing'anga nazo muzikanena poyera kuchipatala ngati wodwala wamwa, osachita manyazi. Kwa amayi otaya magazi ngati agogowa, kuchepa kwa magazi kumafooketsanso kwambiri, ndipo anthu amanamizira mankhwala.

Tsono izi aliyense wodwazika azisunge pamtima. Wodwala akamavuta kudzutsa, yang'anani pachifuwa muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya foni. Akamapuma kosakwana ka 10, mwanadiso atachepa ngati kadontho, milomo ikuda, musamupatse mlingo wotsatira, musamukakamize phala kapena madzi, mugonekeni chammbali ndipo pezani galimoto kapena ngolo nthawi yomweyo. Kuchipatala kuli mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya morphine m'mphindi zochepa.

Amalume, ngati mukumva, ndikudziwa mukuyankhula chifukwa chokonda mlongo wanu. Mbiri yoti morphine ndi womalizitsa inabwera chifukwa kale ankaperekedwa mochedwa, munthu atatsala maola, ndiye abale ankaona jakisoni lero, maliro mawa. Koma mlongo wanu wamwa mankhwalawa miyezi yambiri akutongola chimanga pakhonde, mwaona nokha. Botolo likatayidwa ululu wa khansa ubwerera wonse, ndipo thupi lomwe lazolowera mankhwala lidzavutika kawiri. Chofunika ndi kukonza mlingo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya achipatala.

Ndisanachoke apa, kudzimbidwa. Tulo ta masiku oyamba timatha, koma kudzimbidwa sikutha nthawi yonse imene munthu akumwa morphine, n'chifukwa chake amapereka limodzi ndi bisacodyl. Wodwala wokalamba akakhala masiku ambiri osachita chimbudzi amatha kulefuka ndi kusokonezeka mutu. Muzifunsa, ngakhale ali apongozi.

Kalata yachitatu ndi ya bambo a kabaza ya njinga yamoto amene amayenda pakati pa Chinkhoma ndi pa boma.

"Achimwene, ine ndinachita ngozi zaka ziwiri zapitazo, msana sunachire bwino. Kuchipatala anandipatsa tramadol wa sabata ziwiri, atatha ndinayamba kumagula ndekha. Poyamba ndinkamwa awiri pa tsiku, pano ndimamwa atatu m'mawa, atatu masana, anayi pogona. Ndimadzuka wotopa ngati sindinagone, ndipo tsiku lina ndinasinza ndili panjinga kasitomala ali kumbuyo. Kunyumba nako zinthu sizili bwino, chilakolako chinatha, mayi a kunyumba akuganiza kuti ndili ndi chibwenzi. Ndinayesa kusiya koma ndinatuluka thukuta, m'mimba kupota, miyendo osakhazikika, tsiku lachiwiri ndinakagulanso. Kodi zakumwa zopatsa mphamvu zija zingandithandize?"

Achimwene, zikomo chifukwa cholemba mosabisa. Tiwerengere limodzi. Ngati makapisozi anuwo ndi a 50 mg, amene ali ofala, khumi pa tsiku ndi 500 mg. Mlingo wapamwamba umene munthu wamkulu sayenera kupyola ndi 400 mg. Tramadol akachuluka amagwetsa munthu ngati wa khunyu, ngakhale amene sanadwalepo khunyu chibadwire. Ndiye ndiyankhule mosapsatira: mmene zililimu musanyamule munthu panjinga. Ndikudziwa njingayo ndiye ndiwo za pakhomo, mwinanso eni ake amafuna yawo madzulo alionse, koma msewu wa M1 nyengo ya msika wa fodya mumaudziwa kuposa ine. Zakumwa mukunenazo zimangotsegula maso kwa kanthawi, mutu umakhalabe wochedwa kuganiza, ndipo usiku zimaononganso tulo tomwe n'tosakwanira kale.

Kutopa kwanu n'kosiyana ndi kwa agogo a kwa Santhe. Kwanu kwabwera pang'onopang'ono, ndipo kuli ndi magwero angapo. Mankhwala a gulu limeneli amagonetsa msanga koma amachepetsa tulo tatikulu tija timene timapumitsa thupi. Kwa ena amadukizanso kupuma munthu ali mtulo. Afunseni mayi a kunyumba ngati mumaliza mkonono kwambiri, kapena ngati mumakhala kanthawi osapuma kenaka n'kudzidzimuka. Iwo ndi amene akudziwa.

Gwero lina ndi limene lakuyambanitsani m'banja. Munthu akamwa mankhwalawa miyezi yambiri, ubongo umachepetsa uthenga umene umatumiza kuti thupi lipange testosterone, mchere wa m'thupi umene umapatsa mwamuna nyonga ndi chilakolako. Ukachepa munthu amalefuka, amakhala wokhumudwa, za m'banja zimazilala. Kwa amayi msambo umasokonekera kapena kuima kumene. Zimenezi n'zodziwika bwino kwa madokotala, koma odwala sazinena ndipo achipatala ambiri safunsa, ndiye mabanja amatha kufika kwa ankhoswe pa nkhani ya mankhwala. Kwa ambiri mlingo ukatsika zinthu zimabwerera. Mayi, ngati muli pafupi ndi wailesi, chibwenzi chimene mukuchisakacho mwina chili m'thumba la jekete, m'kapaketi.

Zimene munaona mutasiya, thukuta, kupota m'mimba, kuyasamula, mamina, miyendo yosakhazikika, si umboni woti ndinu munthu wofooka mtima. Thupi linazolowera, ndipo aliyense amene wamwa nthawi yaitali chonchi akasiya mwadzidzidzi zimamuchitikira. Mankhwalawa amatsitsidwa ngati belo la fodya pa lole, mogwirizira, osati kungolikankha. Achipatala amakonza ndondomeko yochotsa pang'ono, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo 10 pakatha sabata zingapo, ndipo kwa munthu amene wamwa zaka ziwiri ngati inu ntchitoyi imatenga miyezi. Mukadzatsika, tsiku lina msana n'kuvuta, musadzabwerere ku makapisozi khumi, chifukwa thupi lidzakhala litaiwala mlingo umenewo ndipo ukhoza kukuphani.

Mwina mukufunsa kuti nanga msanawo. Maganizo anga, pa ululu wa khansa morphine ndi chifundo chachikulu ndipo sitiyenera kumuopa, koma pa msana wa zaka ndi zaka mankhwala a gulu ili amalonjeza zambiri kuposa zimene amapereka. Mu 2018 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 240 odwala msana, mawondo ndi chiuno, amene anawatsatira kwa miyezi 12. Omwe ankamwa mankhwala a gulu la morphine sanapeze bwino kuposa omwe ankamwa mankhwala wamba monga panado ndi bulufeni, koma zovuta zobwera ndi mankhwala zinawachulukira. Pitani kuchipatala cha boma mukapemphe kuti akuunikeninso msanawo, mufunsenso za a fizo, amene amaphunzitsa zolimbitsa minofu ya msana. Bulufeni naye musamangomwa nokha tsiku ndi tsiku, amaononga m'mimba ndi impso. Akakuyezeninso magazi, shuga, HIV ndi TB, poti kutopa kwa nthawi yaitali kumabisa zambiri.

Popita mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, mapaketi onse amene mukumwa, ndipo ngati angalole mupite ndi mayi a kunyumba akamve okha. Adokotala akakufunsani kuti mumamwa angati pa tsiku, mukanene khumi monga mwatiuzira ife, chifukwa ndondomeko yotsitsira adzaiwerengera kuchokera pa nambala imene mwatchulayo.