Buku lokoma ngati nthano, koma nkhani yake ndi yoona

Moni nonse amene mukuonera, kuno ndi ku Kasungu. Lero tikamba za mabuku amene pa Chingerezi amati nonfiction novel. Nkhani yake inachitikadi, anthu ake ndi enieni, koma kalembedwe kake ndi ka nthano yopeka.

Mu Novembala 1959, m'kamudzi ka Holcomb ku Kansas, m'dziko la America, anthu anayi a banja la Clutter anaphedwa m'nyumba mwawo. Wolemba mabuku wa ku New York, Truman Capote, atawerenga nkhaniyi m'nyuzipepala, ananyamuka ndi mnzake Harper Lee kukafunsa anthu komweko. Anacheza ndi apolisi, anthu oyandikana ndi banjalo, ngakhalenso opha anthuwo, Perry Smith ndi Richard Hickock, mpaka pamene ananyongedwa mu 1965. Buku lake, In Cold Blood, linatuluka mu 1966.

Mtolankhani akanangoyamba ndi mawu akuti anthu anayi aphedwa. Capote ayi. Amakulowetsani m'tsiku lomaliza la banjali: mtsikana Nancy ali kukhitchini kuphunzitsa kamwana ka mnansi kuphika, bambo ake akusayina pepala la inshuwalansi ya moyo. Kenaka amakusamutsirani m'galimoto ya achiwembu aja, ikubwera. Inu mukudziwa chimene chichitike usiku umenewo, iwo sakudziwa. Mtima umangoti phaa.

Capote ankadzitama kuti mtunduwu anauyambitsa ndi iye. Apo anakokomeza, chifukwa Rodolfo Walsh wa ku Argentina anali atatulutsa kale buku la mtundu womwewu, Operación Masacre, mu 1957.

Vuto lenileni lili pa mawu oyankhulidwa. Capote sankajambula mawu pocheza ndi anthu, ankati mutu wake umasunga pafupifupi zonse. Ndipo gawo lomaliza la bukuli, pamene wapolisi Alvin Dewey akumana ndi mnzake wa Nancy kumanda, linali longopeka. Kwa ine pamenepo anatilakwira owerenga, poti tinamukhulupirira kuti zonse nzoona.

Mwina wina akufunsa za buku la William Kamkwamba wa kwathu kuno ku Wimbe, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Limenelo ndi mbiri ya moyo wake, akusimba yekha. Mtundu tikunenawu, wolemba amafufuza moyo wa anthu ena, iye mwini n'kubisala kuseri.

Njala ya 2002, imene Kamkwamba akuisimba, ikanatha kulembedwa motere. Anthu amene anadya gaga chaka chimenecho akadali moyo. Ukhoza kukhala nawo pakhonde, kufunsa mayi, kufunsanso mwana wawo padera, n'kuona pamene akugwirizana ndi pamene akusemphana. Koma tsono kuno wolemba sathawira ku New York ngati Capote. Amalume amene wawatchula kuti anabisa chimanga mukumana nawo pamaliro sabata yamawa.