Za ku Joni: tchete wayamba kumanga mvula isanagwe

Moni nonse akumudzi, ndi inu matchona anzanga muli kuno ku Joni. Phokoso mukumvalo si mwana akulira ayi, ndi hadeda, chimbalame cha mlomo wautali chomwe chimatidzutsa tisanafune.

Tili mu Seputembala. Eni dziko amati pa 1 mwezi uno kuzizira kwatha, koma m'mawa jekete sitivula, pajatu mzinda wa Johannesburg uno uli pamtunda, mamita oposa 1,700. Mvula yeniyeni imadikira Okutobala. Lamlungu ndinadutsa cha ku Klipriviersberg, malo otetezedwa a zachilengedwe kum'mwera kwa mzindawu, tchire lili gwa, mbali ina kuli bii ndi lupsa. Kukanakhala kwathu ku Dedza tikanati ndi anyamata osaka mbewa. Koma pansi pa phulusapo msipu wayamba kale kusuzumira, osadikira n'komwe chizimalupsa.

Ine ntchito yanga ndi ya m'gadeni. Kutchire kukauma chonchi, mbalame zimathawira kumene kuli madzi, ndiye kuti pa kapinga yemwe ndimathirira ineyu. Hadeda amabwera kudzazika mlomo pansi kufuna nyongolotsi, poti dothi louma sangaliboole.

Koma amene wanditenga mtima ndi tchete. Wamphongo wavala kale zachikasu, nkhope bii ngati wapaka makala. Udzu wauwisi ngosowa, ndiye akungong'amba masamba a kanjedza wa abwana, kachingwe kamodzikamodzi, n'kumaluka. Masamba a panthambi pomwe wamangapo wayoyola onse. Akamaliza amalendewera kunsi kwa chisa chadodolido, mapiko phephephe, kuitana mkazi. Mkazi uja amafika, kulowa, kusuzumira uku ndi uku, basi ulendo. Mwamuna n'kuphwasula yekha, kuyambiranso. Panopa ali pa chachitatu.

Vuto ndi loti nthambiyo ili pamwamba penipeni pa damu losambiramo, ndiye zinyalala zonse wovuula ndine. Adona anandiuza kuti ndiidule. Ndinati, "Mawa, madamu." Mawa lakelo latha masabata awiri.

Ndiidule bwanji? Inenso nyumba ya kumudzi ndinayamba kalekale, mpaka lero ili pa mawindo, ndipo woiyendera wake sachedwa kupukusa mutu. Mayi a ana, ngati mukumvera, ya malata ija nditumiza mwezi ukatha, musanandiphwasulitse.