Mahedifoni opanda waya pa ditekita: Bluetooth 5.3 isakupusitseni

[Kamera iloze pansi, koyilo ikudutsa pamwamba pa ndalama yachitsulo]

Tayang'anani apa. Ndalama ili pomwe pali kamtengopa. Koyilo, kambale ka kunsi kwa makinawa, yadutsa, yadutsa, ndiye "tii" akumveka koyilo itafika kale uku. Mukakumba pomwe mwamvera kulirako, mutuluka thukuta pachabe. Ditekita, makina osakira zitsulo pansiwa, ilibe vuto, olakwa ndi mahedifoni ali kumutuwa.

Takulandiraninso, abale anga. Lero tili pa mahedifoni opanda waya, ndipo musachoke tisanafike pa mfundo yachiwiri, chifukwa pali bodza lina limene likudya ndalama za anthu ndipo ine limandinyansa. Amene mwabwera koyamba, subscribe ali pansipo, dinani tipitirire.

Choyamba, mwachangu: n'chifukwa chiyani timafuna kuchotsa waya? Umakodwa m'zitsamba, mukagwada kuti mukumbe umakukokani mutu, ndipo sukhalitsa, umathothoka pamphuno pa jaki. Sipika nayo ili ndi zake. Kukawomba mphepo, kamawu kofooka ka chinthu chakuya simukamva, komanso aliyense amene ali pafupi amadziwa kuti mwagunda kanthu. Zimenezo mukuzidziwa kale, tiyeni kutsogolo.

Chachiwiri, bodza lija. Mukalowa m'shopu, wogulitsa akuuzani kuti, "Bwana, awa ndi Bluetooth 5.3, atsopano, sachedwa." Ayi! Nambala imeneyo siikuuzani kuti mawu atenga nthawi yaitali bwanji kuchoka pa ditekita kufika m'khutu. Chimene chimalamula ndi kodeki, njira imene mawu amapakidwira asanatumizidwe ndi kumasulidwa akafika. Kodeki imene mahedifoni onse a Bluetooth ali nayo ndi SBC, ndipo imachedwetsa mawu pafupifupi mamilisekondi 200, nthawi zina kucheperapo, nthawi zina kupitirira. Pomvera nyimbo simungazindikire, chifukwa palibe choti mufanizire nacho. Koma ditekita imadalira kuti dzanja ndi khutu ziyendere limodzi.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti koyilo mukuiyendetsa mita imodzi pa sekondi, omwe ndi mayendedwe wamba. Mamilisekondi 200 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ndiye kuti mawu akamafika, koyilo yapitirira ndi masentimita 20. Sizithera pomwepo. Mukamapita kumanja, kulira kumveka masentimita 20 kumanja kwa chinthucho. Mukamabwerera, kumveka masentimita 20 kumanzere. Chinthu chimodzi chikulira malo awiri otalikirana masentimita 40, ndipo pakati, pomwe chili, pali zii. Anthu ambiri apa amayamba kunena kuti makina ndi afeki, kapena kuti pansipo pali zinthu ziwiri. Pamalo odzaza misomali ndi zitsekerero za mabotolo ndiye chisokonezo chenicheni, chifukwa simungadziwe kuti kulira kwabwino kwachokera pati, kwa chitsulo chachabe kwachokera pati.

Chofunika kuyang'ana pa bokosi ndi mawu atatu awa, aptX Low Latency, ena amangolemba aptX LL. Ndi kodeki ya kampani ya Qualcomm, ndipo imatsitsa kuchedwa kufika pafupifupi mamilisekondi 40. Pa kuwerengera kwathu kuja, amenewo ndi masentimita 4 basi, osakwana n'komwe m'lifupi mwa koyilo yaing'ono.

Tsono tcherani khutu, chifukwa msampha uli apa. Pali aptX wamba, pali aptX HD, pali aptX Adaptive. Mayina akufanana koma si chinthu chimodzi ndi aptX LL. Bokosi likangoti aptX popanda Low Latency, musaganize kuti ilimo. AirPods, ngakhale ndi odula chotani, alibe aptX ya mtundu uliwonse. Nanga timahedifoni tolembedwa "gaming mode" tija? Tingathe kuchepetsako kuchedwa, koma opanga aliyense amayeza mwake, ndiye musadalire mawu a pa katoni. Ndipo chinthu chimene ambiri sadziwa: kodekiyi iyenera kukhala mbali zonse ziwiri. Ditekita ikhale nayo, mahedifoni akhale nayo. Mbali imodzi ikasowa, zilumikizana bwinobwino, mawu amveka, koma zibwerera mwakachetechete ku kodeki yochedwa ija osakuuzani. Pa Minelab Equinox 600 ndi 800 n'zosavuta kuona: pakachizindikiro ka Bluetooth pa sikirini pamabwera ka + ngati aptX LL yagwira. Palibe ka +, mwagula zomvera nyimbo.

Ndilembereni m'makomenti mtundu wa makina anu, ndimayankha. Koma mwachidule, Equinox 600 ndi 800, Vanquish 540, GPX 6000 ndi Nokta Legend zimalandira aptX LL. Makampani ena anaithawa Bluetooth wamba n'kupanga njira zawozawo. Z-Lynk ya Garrett imachedwa mamilisekondi 17 okha, chimodzimodzi kabokosi kolandirira mawu ka WM 08 ka Equinox. GPZ 7000 ili ndi kabokosi kake ka WM 12. XP Deus ili ndi mahedifoni akeake. Equinox 700, 900 ndi Manticore zimafuna a Minelab omwe, ML 85 kapena ML 105, moti mahedifoni a Bluetooth amene munkagwiritsa ntchito pa 800 salumikizana nazo. Fufuzani musanalipire.

Chachitatu, inu amene makina anu alibe zopanda waya. Gold Monster 1000, imene yafala pakati pa osaka golide mu Africa muno, ndi imodzi mwa zimenezi: ili ndi kabowo ka jaki basi. Njira yake ndi kugula katransimita kakang'ono kolowetsa pa jaki, ndipo lamulo ndi lomwe lija, transimita ya aptX LL, mahedifoni a aptX LL. Kapena mugule seti ya Z-Lynk yokhala ndi chotumiza ndi cholandira. Onani kukula kwa jaki: Gold Monster ndi 3.5 mm, pomwe makina ambiri akale ndi Garrett Ace ndi 6.35 mm, ndiye pafunika adaputa. Kamangeni ndi legeni cha kumtunda, pafupi ndi pogonera mkono, kutali ndi koyilo, ndipo kawaya kake kasalendewere, chifukwa kakamagwedezeka jaki imayamba kukhwepa n'kumalira kheche kheche.

Chenjezo lina pa matransimita otchipa. Ena amagona akakhala nthawi osamva mawu, pofuna kusunga batire. Gold Monster siing'ung'uza mosalekeza ngati makina ena, imakhala chete mpaka itapeza chinthu. Transimita yogona imadzuka mochedwa, n'kudula chiyambi cha kulira, ndipo kulira kwa kagolide kakang'ono n'kwakufupi kwambiri, kungathe kumezedwa konse. Polumikiza, zimitsani kaye Bluetooth ya foni, apo ayi mahedifoni athamangira ku foni.

Chachinayi, akuti zopanda waya zimasokoneza ditekita n'kuchepetsa kuya. Kawirikawiri ayi. Gold Monster imagwira ntchito pa 45 kHz, Bluetooth ili pa 2.4 GHz, kutali kwambiri. Phokoso limabwera chifukwa cha mawaya a magetsi, foni ili m'thumba pafupi ndi makina, kapena ditekita ya mnzanu ili chapafupi. Yatsani transimita ndi mahedifoni kaye, kenako muchite noise cancel, kuti ditekita isankhe tchanelo yopanda phokoso.

Chachisanu, madzi. Mafunde a 2.4 GHz sadutsa m'madzi. Bokosi la ditekita likangomira, mawu aduka, ngakhale makinawo akhale osalowa madzi. Osaka mumtsinje, gulani a waya osalowa madzi.

Chachisanu ndi chimodzi, ndiphatikiza tating'onoting'ono. Tsopano muli ndi mabatire atatu oti mutchaje, ditekita, transimita ndi mahedifoni, ndiye power bank isatsale, ndipo a waya akale aja musawataye, akhale m'chikwama. Voliyumu yambani yotsika, chifukwa chitini chokwiririka pafupi chimalira mpaka khutu kuwawa. Mahedifoni oletsa phokoso lakunja ine sindiwalimbikitsa kutchire. Muyenera kumva njoka ikamafwanthula m'udzu, kapena mnzanu akamakuwa kuchokera kudzenje. M'mwezi wa Okutobala mahedifoni otseka makutu onse amadzaza thukuta, ndiye ena amavala mbali imodzi yokha. Ndipo kaya muli ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, golide sakumbidwa popanda chilolezo cha boma, komanso mwini munda ndi amfumu adziwe kuti mukuyendamo.

Tsono kuyesa musanalipire. Tengani ditekita yanu popita kogula. Ikani ndalama yachitsulo pansi, pamalo opanda zitsulo zina. Yendetsani koyilo ndi sipika, ikani chizindikiro pomwe yalira. Lumikizani mahedifoni, yendetsaninso pa liwiro lomwelo, kumanja ndi kumanzere. Kulira kukagwera pamalo amodzi mbali zonse ziwiri, lipirani. Kukagawanika pawiri, bwezani, ngakhale wogulitsa alumbire chotani.

Ngati zakuthandizani, like ameneyo, ndipo tumizani vidiyoyi ku gulu lanu la WhatsApp. Sabata yamawa tiona ground balance, kutchuna makina kuti agwirizane ndi nthaka, pa dothi lofiira la katondo, lomwe limaliritsa makina pachabe. Dinani kabelu kuti isakupiteni.