Kodi Alipo Tchana Wosafumbwa? Tiyeni Tiuzane Zoona

Moni nonse, takulandiraninso! Taonani kanjere ka tchana kali m'dzanja langali. Mwakaona kabowo kozungulira bwinobwino aka? Ntchito ya nankafumbwe imeneyi. Musanaiwale, dinani subscribe ndi kabelu kaja, kenako tipitirize.

Choyamba, mwachangu. Mitundu ya tchana ili m'magulu awiri. Desi: njere zazing'ono, zoderako, khungu lake lokhuthala ndi lokhakhala. Kabuli: njere zazikulu, zoyererako, khungu lopyapyala losalala. Dziko lolima kwambiri mbewuyi ndi India. Basi.

Chachiwiri, mdani wathu. Asayansi amamutcha Callosobruchus, banja lomwe lija limatimalizira khobwe m'thumba. Wamkazi amamata dzira pakhungu la njere. Mphutsi ikaswa imaboola pansi pa dzira pomwepo, n'kulowa m'kati, n'kumadya osaoneka. Kukamatentha, pakangotha mwezi kachilombo kakula, katuluka. Ndiye bowo mukulionali ndi khomo lotulukira. Mukaliona, dziwani kuti mwachedwa kale.

Chachitatu, eeh, apa ndiye mundilole ndikhalitsepo, chifukwa nkhaniyi imandikwiyitsa. Pali anthu amanena kuti, “Ine ndimalima desi, sufumbwa umenewo.” Bodza! Ndi zoona kuti desi amapirira kuposa kabuli. Nankafumbwe amakonda kuikira pamalo osalala, ndipo khungu lokhuthala limavutitsa kamphutsi kongoswa kumene. Koma kupirira si kusafumbwa ayi.

Tamvani momwe ofufuza amayesera. Amathira mitundu yosiyanasiyana m'chidebe chimodzi, n'kuikamo anankafumbwe kuti asankhe okha. Ambiri amathamangira kabuli, desi n'kuoneka ngati ngwazi. Kenako amapanganso kachiwiri: mtundu umodzi wokha m'botolo, palibe kosankha. Mukuganiza chimachitika n'chiyani? Amaikira pa desi yemweyo! Mwina mazira achepeko, mwina mphutsi zichedweko kukula, koma amaikirabe. Munthu wanjala sakana nsima ya mgaiwa. Tsono thumba lanu la m'nyumba lija likufanana ndi chiyani, chidebe chosankha kapena botolo? Ndi botolo, abale anga. M'menemo mulibe kabuli woti anankafumbwe athamangireko. Ndipo poti m'badwo watsopano umatuluka mwezi ndi mwezi, kuchedwa pang'ono kuja sikukupulumutsani mukasunga mpaka nthawi ya mvula.

Bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ku Patancheru, pafupi ndi mzinda wa Hyderabad ku India, ndipo lilinso ku Chitedze ku Lilongwe, limasunga mitundu ya tchana masauzande ambirimbiri. Kukanakhala mtundu wosafumbwiratu wogawidwa kwa alimi, bwenzi nkhani yake ili pa wailesi iliyonse. Amene mwamvapo wogulitsa mbewu akulonjeza zimenezi, tandilemberani m'munsimu, ndikufuna ndione.

Chachinayi: yanikani mpaka njere izilira “go” mukailuma. Musathire m'thumba la chaka chatha losatsuka.

Chachisanu, thumba la PICS, lija la zikutu zitatu lochokera ku kafukufuku wa Purdue University ya ku America. Mukamanga bwino mpweya umatha, tizilombo timafa popanda mankhwala. Koma likabooka ndi khoswe, latha ntchito. Kamangidwe kake ndinaonetsa mu vidiyo ina, dinani pakona apa. Sabata ya mawa tiyesa phulusa ndi masamba a nimu pa nandolo. Tumizirani anzanu a ku kalabu pa WhatsApp, tionana!