Luso la ku China Lopinda Pepala Kukhala Mpeni

Zikomo amfumu, zikomo makolo athu, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Ndikupemphani kuti muyang'ane chimene ndanyamula m'dzanja langali. Amene muli patali mukhoza kuganiza kuti ndi mpeni weniweni, koma ndi mapepala atatu okha a m'kope, ndipo palibe guluu kapena ulusi umene wawagwirizitsa. Luso lopinda mapepala motere anthu a ku China amalitcha zhezhi, dzina limene likutanthauza kupinda pepala, ndipo ndi limene ndabwera kudzakambirana nanu masana ano.

Tiyambe ndi pepala lenilenilo, chifukwa kwawo kwa pepala ndi ku China komweko. Mbiri ya dzikolo imanena kuti m'chaka cha 105 Yesu atabadwa, nduna ina ya kunyumba yachifumu, dzina lake Cai Lun, inaonetsa mfumu njira yopangira pepala kuchokera ku makungwa a mitengo, nsanza ndi maukonde akutha a asodzi. Akatswiri ofukula zakale anapezanso kachidutswa ka pepala kakale kuposa nthawi ya Cai Lun m'manda ena a ku Fangmatan, m'chigawo cha Gansu, m'chaka cha 1986. Anthu amene akhala ndi pepala kwa zaka zoposa 2,000 anali ndi nthawi yokwanira yoti aphunzire zimene pepala lingachite kupatula kulembapo, ndipo zambiri zimene amapinda ndi zinthu zogwiritsa ntchito pakhomo, monga mabwato, zipewa, timabokosi ndi mipeni.

Tsopano onetsetsani manja angawa. Ndatenga pepala lalitali, ndalipinda pakati m'litali mwake, kenaka ndalitambasulanso kuti pakatipo patsale mzere. Mbali ziwiri zam'mphepetezi ndikuzibweretsa kuti zikumane pamzerewo, ndipo ndikubwereza kachiwiri chimodzimodzi, kenaka ndikutseka pakati ngati mmene titsekera buku. Pepala limene linali lopyapyala, loti kamphepo kakang'ono kakanaliulutsa, tsopano lasanjikizana kasanu ndi katatu, ndipo mukaligwira kumapeto siliweramanso. Apa ndi pamene pagona luso lonse, ndipo ndi pamene ophunzira ambiri amalakwitsa chifukwa chofulumira. Mzere uliwonse umafunika kuupsinja ndi chikhadabo kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, chifukwa mzere woyamba ukapendekeka pang'ono, yotsatira yonse imatsata kupendekekako, ndipo mpeni umatuluka wopotoka ngati nyemba youma.

Nsonga ndikuipanga polowetsa ngodya imodzi mkati, kuti mbali imodzi yokha ndiyo ipendekere, ina ikhale yowongoka ngati msana. Izi sindikuchitira kukongoletsa ayi. M'Chitchaina amasiyanitsa dao, umene ndi mpeni kapena chikwanje chakuthwa mbali imodzi, ndi jian, lupanga lowongoka lakuthwa konsekonse, choncho wopinda amayenera kudziwa kuti akupanga chiti. Pepala lachiwiri ndikulikulunga zolimba kumunsi kuti likhale chigwiriro, ndipo lachitatu, limene ndalipinda kukhala kalamba, ndikulizunguliza pamene chigwiriro chathera, n'kulowetsa mapeto ake m'kathumba kamene kapangika pakupindako. Likalowa bwino limagwira lokha. Agogo mwakhala patsogolo apa, tayesani kukoka, muone ngati lingavuke.

Mwina ena mukufunsa mumtima kuti n'chifukwa chiyani munthu angavutike kupanga mpeni wosadula kanthu. Kwa ana ndi choseweretsa, monganso ana athu amaumbira ng'ombe zadothi. Koma liwu lija la dao lili ndi mbiri yaitali kuposa masewera. Zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, maufumu a ku China a Qi, Yan ndi Zhao ankagwiritsa ntchito ndalama zamkuwa zooneka ngati mpeni, zokhala ndi kamphete kumapeto kwa chigwiriro koti azilowetsamo chingwe. Munthu ankapita kumsika atamangirira timipeni timeneti, n'kugulira zosowa zake. Mfumu Qin Shi Huang itagwirizanitsa dziko lonse m'chaka cha 221 Yesu asanabadwe, inalamula kuti anthu azigwiritsa ntchito ndalama yozungulira ya bowo la ngodya zinayi pakati, ngakhale kuti wolamulira wina, Wang Mang, anadzabwezeretsa ndalama za mpeni kwa kanthawi m'chaka cha 7 Yesu atabadwa. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi chakuti mpaka lero, wogulitsa mapepala olembapo pogwiritsa ntchito burashi amawerenga katundu wake ndi liwu lomweli: dao imodzi ya mapepala ndi mapepala 100. Choncho liwu limodzi lomweli lakhala likutchula mpeni, ndalama, ndi mulu wa mapepala.

Kupinda mapepala kumalowanso pamwambo wolemekeza makolo amene anatisiya. Nthawi ya Qingming, imene imachitika pa 4 kapena 5 Epulo, mabanja amapita kukalambula kumanda, ndipo masiku angapo tsikulo lisanafike, amayi achikulire amakhala pansi ndi zidzukulu zawo n'kumapinda mapepala onyezimira ngati golide kapena siliva. Amawapinda kuti afanane ndi yuanbao, chibulunga cha siliva kapena golide chooneka ngati kabwato chimene chinali chuma cha anthu olemera kalelo. Amadzaza matumba, n'kukawotcha kumanda pokhulupirira kuti omwalirawo alandira. Kaya munthu amagwirizana ndi chikhulupiriro chimenechi kapena ayi, ine ndimaona kuti pali chinthu choyenera kuchilemekeza pamene gogo athera masiku akupinda mosamala chinthu chimene akudziwa kuti chipsa m'kamphindi. Zopindidwa zambiri zinathera pamoto kapena m'manja mwa ana, motero lusoli lasungika makamaka chifukwa wamkulu amakhala pansi ndi mwana n'kumuonetsa chala ndi chala, monga ndachitira pano.

Ndikuchenjezeniko chinthu chimodzi, ngati mudzakhale ndi bwenzi lochokera kumeneko. Anthu ambiri a ku China sakonda kupatsana mpeni ngati mphatso, chifukwa amati umadula ubale, ndipo ena akalandira amabweza kandalama kakang'ono kuti zioneke ngati agula. Choncho mpeni wanu wapepala mukaupinda, musathamangire kukaupereka kwa mlendo musanafunse.

Achinyamata awiri abwere adzagawe mapepalawa, aliyense alandire atatu. Amene mulibe tebulo mupindire pabondo kapena pachikuto cha kope, ndipo tiyambira limodzi pa mzere wapakati uja. Musapitirire ndisanadutse kudzaona ngati wawongoka.